Kuchotsa mitengo ndi madenga pa deta ya LiDAR kuti patsale nthaka yokha

LiDAR ndi njira yoyezera malo ndi kuwala kwa leza (laser). Kuwalako, kochokera pa ndege kapena droni, kumabwerera kukagunda chilichonse: masamba, malata, mawaya a magetsi, nthaka, ndipo pomwe kwagunda pamalembedwa ngati dontho. Mukagwiritsa ntchito madontho onsewo, mtengo wa mango umaoneka ngati kaphiri. Wofufuza kolowera madzi osefukira amafuna DTM, mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka yokhayokha.

Tsegulani fayilo ya madonthowo (LAS kapena LAZ) mu pulogalamu ya mapu ya QGIS 3.32 kapena yaposachedwa, poti zida za PDAL, zokonzera madontho otere, zidalowa mu Processing kuyambira pamenepo. Yambani ndi CRS, dongosolo la manambala osonyeza pomwe malo ali pa dziko. Malawi yense ali mu UTM zone 36S, koma EPSG:32736 ya WGS 84 ndi EPSG:20936 ya Arc 1950, ya mapu akale aja, sizigwera pamodzi. Mukazisakaniza, msewu umakapezeka m'dimba.

Kenako onani Classification, nambala ya gulu la dontho lililonse. Gulu 2 ndi nthaka, 3 mpaka 5 zomera, 6 nyumba, 7 madontho osokera apansi. Onse akakhala 0 kapena 1, kutanthauza kuti sanagawidwe m'magulu, kusankha nthaka ndi kwanu, ndipo apa ndi pomwe DTM imakomera kapena kuwonongekera. Pezani kaye osokerawo ndi filters.elm kapena filters.outlier za PDAL, zomwe zimawaika m'gulu 7, kenako muwachotse, chifukwa dontho limodzi logwera pansi pa nthaka limakumba dzenje lomwe kulibe.

Mukatero yendetsani filters.smrf, chida cha PDAL chosankhira madontho a nthaka. Imabwera ndi window 18 (kukula kwa malo omwe imayang'ana), slope 0.15 (kutsetsereka) ndi threshold 0.5 (kutalika kololedwa pamwamba pa nthaka), manambala oyenera malo athyathyathya. Shedi yaikulu ikaposa window, pakati pa denga pamatengedwa ngati nthaka, choncho kwezani window. Pa mapiri otsetsereka ngati a Mulanje kwezani slope, apo ayi nsonga za zitunda zimadulidwa. Udzu wowirira wosafika theka la mita umalowa m'gulu 2 mosavuta, pamene chulu, chomwe ndi nthaka ndithu, nthawi zina chimatayidwa ngati chitsamba. Palibe manambala okomera malo onse. Yesani kachigawo kamodzi musanayendetse deta yonse. Ndipo deta yojambulidwa m'chilimwe, chimanga atakolola, siivutitsa ngati ya m'dzinja.

Zotsalazo nzachangu. Sankhani Export to raster (using triangulation), filter expression Classification = 2. Resolution (kukula kwa kabokosi kalikonse ka mapu) ya mita imodzi imakwana ngati madontho a nthaka alipo angapo pa sikweya mita. Kuitsitsa kufika mamita 0.25 m'nkhalango yowirira nkudzinyenga, popeza kompyuta imangojambula mizere pakati pa madontho otalikirana.

Osaikhulupirira DTM musanapange hillshade, chithunzi cha mithunzi chosonyeza zitunda ndi zigwa. Makona atatu aakulu osalala akusonyeza malo opanda madontho, monga pamadzi kapena pomwe panali nyumba. Timatuza ndi zitsamba zotsalira. Mizere yowongoka pokumana matailosi (zidutswa za deta) imabwera mukasankha nthaka tailosi iliyonse payokha popanda buffer, malire owonjezera olowa m'tailosi yoyandikana, ndiye ikani mamita 20 kapena kuposa. Mlatho ukatsala, kapena kalavati yosaoneka kuchokera kumwamba, madzi amaima mu modelo ngati pali damu. Dulani ngalande pamenepo musanawerengetse kayendedwe ka madzi.