Msodzi si mneni: zomwe ana a Sitandade 3 andiphunzitsa

Ino ndi teremu yanga yachiwiri ya tichingi pulakatisi pasukulu ina kufupi ndi nyanja ya Chia kuno ku Nkhotakota. Sabata yatha ndimaphunzitsa za mneni. Ndinalemba pabolodi tanthauzo lomwe tonse tinaloweza tili ana: mneni ndi mawu oonetsa ntchito. Pansi pake ndinalemba chiganizo: Msodzi akupalasa bwato. Nditafunsa kuti mneni ndi uti, pafupifupi kalasi yonse inayankha mokweza kuti "Msodzi!"

Mtima unandiwawa, poti usiku wonse ndinali ndikukonzekera. Koma amayi amene amandiyang'anira anandikokera pambali nthawi ya buleki. "Mwanawe, anawa sanalakwe," anatero. "Mwawauza kuti afunefune ntchito. Kwawo kuno ntchito ndi usodzi, ndipo mwini ntchitoyo ndi msodzi." Ndinangoti kakasi. Mawu akuti ntchito ndi omwe anawasokeretsa.

Mawa lake tanthauzo lija sindinalitchule n'komwe. Tinatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata wina anagwira ndodo ngati nkhafi, ine n'kufunsa kuti, "Akutani uyu?" Onse: "Akupalasa!" Mtsikana wina anawerama ngati akuyala usipa pathandala. "Akuyanika!" Wina akukoka khoka, wina akupeta mpunga, wina akuwomba m'manja kuingitsa mbalame m'munda. Funso lakuti akutani linachita zomwe bolodi linalephera. Mwana wa kunyanja zochitazi amaziona m'bandakucha uliwonse, chomwe chimamusowa ndi dzina la m'kalasi la zochitazo basi.

Pofuna kuwapatsa kanjira kachidule, ndinawauza kuti mneni amalola "ku" kutsogolo kwake: kupalasa, kuyanika, kukoka. Apa ndinadzitchera ndekha msampha. M'chiganizo chakuti Amayi apita kunyanja, ambiri anatseka mzere kunsi kwa kunyanja. Ndipo ndi zoona, ku uja alipo, koma ndi woloza malo.

Chomwe chinatipulumutsa ndi nthawi. Mneni wa Chichewa amasenza nthawi m'kati mwake: anapita, akupita, adzapita. Tinayesa mawu aliwonse ndi dzulo ndi mawa. Dzulo anayanika, mawa adzayanika, zikumveka. Nanga dzulo ananyanja? Ana anaseka mpaka kugubuduka, ndipo kuseka kumeneko kunandiuza kuti khutu lawo lagwira. Anayamba okha kuyesa: anabwato, adzamsodzi, n'kumakanizana kuti amenewo si mawu.

Lachisanu ndinawapatsa ziganizo zisanu. Ambiri anakhoza zinayi. Chomwe chinawagwetsa ndi ichi: Agogo akugona pamphasa. Kamtsikana kena kanatsutsa kolimba kuti, "Madamu, munthu wogona sachita kanthu." Ndamupempha kuti Lolemba adzagone kutsogolo kwa kalasi, anzake adzayankhe kuti akutani.