Mvula idatibweza pa ulendo wa ku Kaning'ina

Ulendo womwe mabanja a banki mkhonde yathu ya ku Katoto mu mzinda wa Mzuzu tidakonza wokakwera mapiri a Kaning'ina Loweruka la Pasaka sudatheke monga tidafunira. Ndikulemba kuti amene simudabwere mumve bwino mmene zidayendera, poti ena akuti tidangothawa mawawa.

Tidali mabanja 6 ndi ana 14, wamng'ono kwambiri wa zaka 4. Cholinga chidali chakuti ana akadzionere nkhalango yomwe imasunga madzi a damu la Lunyangwa, madzi omwewa amatunga pampopi tsiku ndi tsiku. Chilolezo cha a zankhalango tidatenga, wotiperekeza tidamupeza, amayi adagona usiku akukazinga mandasi ndi kuphika chinangwa.

Kudacha ndi nkhungu yoti munthu wa patsogolo pako osamuona. Wotiperekeza uja, bambo wachikulire wobadwira konkuno, adayang'ana chakum'mawa nati, "A tcheya, mitambo iyi yachokera kunyanja, lero sikucha." Ambirife tidabwera kuno pa ntchito kuchokera ku Lilongwe, Dedza ndi Zomba, komwe April akafika anthu amakhala akuganiza zokolola. Tidamuyankha kuti dzuwa likakwera kuyera. Pamenepa ndi pomwe tidalakwitsa, ndipo ineyo ndidali mmodzi mwa okakamira. Mzuzu ili pamtunda, mphepo ya chinyontho yochokera ku Nkhata Bay ikagunda mapiriwa imakhuthula mvula mpaka April ngakhalenso May.

Titayenda ngati mphindi 40 m'nkhalango, mvula idayamba. Poyamba ana adasangalala, kutambasula manja, kuyasamira kumwamba. Posakhalitsa kanjira kadasanduka ngalande. Dothi lofiira lija likanyowa limaterera ngati therere, ndipo ana ambiri adavala masilipasi ndi nsapato za pulasitiki. Mwana wanga wamkazi adaponda pamzere wa linthumbu, lomwe limatuluka kwambiri kukanyowa chonchi. Tidachita kumuvula diresi pomwepo, amayi awiri akumuthothola nyerere m'miyendo ndi m'tsitsi, iye akulira kuti, "Amama, zikundiluma kumsana!" Kamnyamata ka zaka 4 kaja milomo idachita kuda ndi kuzizira, mano akugundana, mpaka mayi ake adakabereka ndi zitenje ziwiri.

Titafika pakamtsinje komwe timayenera kuwoloka, madzi adali atafiira ndipo miyala yopondapo itamira. Mabingu adayambanso kumveka. A tcheya adati tibwerere. Anyamata akuluakulu adanyinyirika, mmodzi mpaka misozi, poti adakhala sabata yonse akuuza anzake kuti akajambulitsa pamwamba pa phiri. Zidandikhudza, koma chiganizocho ndidachivomera ndi mtima wonse. Amene tidali kuno mu April 2016 tikukumbuka mmene mvula idagwetsera nyumba ku Masasa ndi madera ena. Sindikadalola mwana wa munthu aponde m'madzi amene aja.

Pobwerera tidatenga nthawi yowirikiza. Tidakafikira pakhonde la a tcheya, kuyatsa mbaula ziwiri, kuwiritsa tiyi. Mandasi adanyowa koma sadatsale. Agogo a pakhomopo adasonkhanitsa ana n'kuyamba nthano ndi zilape, ndipo mwana wanga, yemwe ankalira uja, ndiye ankakuwa "tili tonse" kuposa anzake.

Tagwirizana kuti tidzapitenso mu September, chiperoni cha June ndi July chitadutsa. Mwana aliyense adzakhale ndi nsapato zotseka, juzi ndi zovala zosinthira zomangidwa m'jumbo, ndipo dzulo lake tidzamvere kaye za nyengo pa wailesi. Ndalama zomwe zidatsala zili kwa msungichuma. Bambo wotiperekeza uja tidamulipira zonse monga tidapangana, ndipo wavomera kudzatitsogoleranso. Ulendo umenewo akadzati tisanyamuke, sitinyamuka.