Kavalo wamatabwa ndi mtondo wa agogo

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za mashopu kuno ku Mbare mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, choncho penti ndi burashi ndimazidziwa. Koma tsiku lomwe mwana wa achemwali anga anandionetsa pa foni chithunzi cha kavalo wamatabwa, ndinakanitsitsa kuti sichinajambulidwe ndi dzanja. Ming'alu ya thabwa ikuoneka, penti wofiira wosupuka pakhosi pomwe ana ankagwira, ngakhale dzimbiri la msomali.

Chinali chimodzi mwa zithunzi za Index of American Design, nkhokwe ya zithunzi za zinthu zakale zopangidwa ndi amisiri a ku America. Mu 1935, ulova utavuta ku America, boma linalemba ntchito anthu ojambula kudzera mu Federal Art Project yomwe ankatsogolera Holger Cahill. Nzeru yojambula zinthu zakalezi inachokera kwa amayi awiri, Ruth Reeves wokonza nsalu ndi Romana Javitz wa ku laibulale ya ku New York. Pofika 1942 anali atajambula zithunzi zoposa 18,000 ndi penti wamadzi, ndipo lero zili ku National Gallery of Art ku Washington.

Chomwe chinandigwira mtima ndi zinthu zimene anasankha: mipando ya a Shaker (gulu lina lachipembedzo), mbiya, zofunda zosokedwa ndi zigamba, ziboliboli za kutsogolo kwa sitima zapamadzi, zidole zovinitsa ndi zingwe pa zisudzo, akavalo ozungulira a m'malo a masewera. Zambiri zinapangidwa ndi amisiri omwe mayina awo palibe anawalemba. Wojambulayo ankakhala masiku ambiri pa chinthu chimodzi, osachikongoletsa, osabisa chilema chake.

Nanga ife? Makolo athu anabwera ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, kuchokera ku Nyasaland atanyamula zochepa, ndipo zochepazo zikutha ndi chiswe. Za kudambwe sindingazijambule ayi, zili ndi eni ake. Koma mtondo wa malemu agogo, umene anasemetsa atangofika kuchokera ku Dedza, uli kuseri kwa nyumba ku Mufakose.

Ndaukhalira Lamlungu atatu tsopano ndikuujambula. Pakamwa pake ndi posalala ngati galasi, mbali imodzi inadyeka kwambiri chifukwa agogo anali amanzere. Zaka zonsezi ndinali ndisanazionepo zimenezi.

Dzulo amayi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako analoza m'munsi.

"Mwanawe, waiwala waya amene bambo ako anamangira mng'aluwu chaka cha njala chija."

Lamlungu likubwerali ndikaujambula wayayo.