Cruise control ilibe maso

Ku kosi ya zamakaniko yomwe ndikuchita madzulo tafika pa gawo la kamwedwe ka mafuta, ndipo nkhani yomwe yatichedwetsa ndi ya cruise control. Ntchito ya kachipangizo kameneka ndi imodzi basi. Ukasankha liwiro, tinene makilomita 90 pa ola, kompyuta ya galimoto imaligwira pomwepo, iwe n'kuchotsa phazi pamoto. Liwiro likatsika imawonjezera mafuta, likakwera imachepetsa, ukaponda buleki imasiya yokha.

Anaitulukira ndi Ralph Teetor, injiniya wa ku Indiana ku America, munthu amene anali wosaona kuyambira ali mwana. Akuti chinamutopetsa ndi loya wake, yemwe poyendetsa ankati akayamba kulankhula liwiro n'kutsika, akayamba kumvetsera n'kuthamanga. Mu 1958 chipangizo chake chinalowa m'galimoto za Chrysler, koma chinatchuka kwenikweni mafuta atavuta mu 1973. Chaka chotsatira dziko la America linalamula kuti pasapezeke woyendetsa kupitirira mamailosi 55 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 89.

Loya uja tili naye tonse m'phazi. Munthu umaganiza kuti ukuyenda liwiro limodzi, chonsecho phazi likungosewerasewera pamoto. A Natural Resources Canada, nthambi ya boma la Canada, amanena kuti kumangokwera ndi kutsika pakati pa makilomita 75 ndi 85 pa ola masekondi 18 alionse kungawonjezere kamwedwe ka mafuta ndi 20 peresenti. Cruise control imachiza matenda amenewa okha, ndipo pamsewu wosalala, wowongoka, wopanda chipwirikiti imawachizadi.

Liwirolo wosankha ndi iweyo. Mphepo yomwe galimoto imalimbana nayo siwonjezeka mofanana ndi liwiro: ukachoka pa 100 kufika pa 120, liwiro lakwera ndi 20 peresenti koma mphamvu ya mphepo yakwera ndi 44 peresenti. Pa mtunda wa makilomita 100 wapindula mphindi 10 zokha, mafuta apita ochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye wina akaika cruise control pa 120 n'kumati akusunga mafuta, akungodzinamiza mwadongosolo.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi cha zitunda. Ganizani msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, kukwera ndi kutsika kokhakokha. Cruise control siona kuti chitunda chatsala pang'ono kutha. Iyo ikangomva liwiro latsika imathira moto, ngati ndi otomatiki giya n'kubwerera pansi, injini n'kuyamba kukuwa, zonsezo kuti nambala yomwe unaiuza isasunthe. Dalaivala woona kutsogolo amatenga liwiro pang'ono asanayambe kukwera, n'kulola kuti litsike pofika pamwamba, kenaka kutsetsereka kumamubwezera ulere. Onjezanipo mahampu a m'matredingi senta, ma rodibuloko, mbuzi, njinga zosenza makala. Nthawi iliyonse yomwe waponda buleki, mafuta amene unawotcha kuti upeze liwiro lija asanduka kutentha m'mabuleki, ndipo sabwerera. Galimoto zatsopano zina zili ndi radar yoona galimoto ya kutsogolo, koma dzenje la pamsewu siziliwerengera. Pamvula ndiye osayerekeza n'komwe kuyatsa cruise control. Ndipotu ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta ambiri obwera kuchokera ku Japan alibe n'komwe batani lake, kotero kwa ambirife phunziro lenileni ndi la phazi ndi maso.

Mkangano unabuka pa nkhani ya kuika free potsetsereka, chizolowezi chomwe aliyense wokwera minibasi amachidziwa. Theka la kalasi linkalumbira kuti kumasunga mafuta. Aphunzitsi sanatsutsane nafe. Anatenga sikana, kamakina kowerenga zomwe kompyuta ya galimoto ikuchita, n'kuilumikiza pa soketi ya pansi pa chiwongolero, tinakwera galimoto, n'kupita pomwe msewu umatsetsereka. Ili mu giya, phazi litachoka pamoto, nambala yosonyeza mafuta olowa mu injini inagwera pa 0. Matayala ndi amene ankazunguza injini, kompyuta itatseka ma injekita, tizipangizo topopera mafuta mu injini. Ataika free nambala ija inadzuka, chifukwa tsopano injini inkafunika mafuta kuti isazime. Galimoto za kabureta zakale zinalibe nzeru imeneyi, mwina n'kumene chizolowezicho chinachokera, koma za injekita zambiri zimatero. Choopsa n'chakuti pa free injini sithandiza kugwira galimoto, ntchito yonse imatsalira mabuleki, ndipo potsika Chiweta kapena njira ya ku Golomoti mabuleki akatentha amasiya kugwira. Amene amachita kuzimitsiratu injini ndiye akuseweretsa miyoyo ya anthu: buleki imauma, chiwongolero n'kulemera.

Zotsalazo tinangodutsamo chifukwa n'zodziwika, kungoti timazinyozera. Tayala losakwana mpweya limakoka, ndipo mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala ka pakhomo la dalaivala, poyeza matayala akhale ozizira. Katundu wa pa keriyala amagwira mphepo. Injini yongolira galimoto itaima, monga pamzere wa mafuta uja, ikumwa mafuta omwewo ukuwadikirira.

Ntchito yomwe atipatsa ndi yoyeza tokha. Kudzaza thanki mpaka pampu idule, kubwezera kauntala ya makilomita pa 0, kuyenda monga mwa masiku onse, kenaka kudzazanso pa pampu yomweyo ndi kugawa makilomita ndi malita omwe alowa. Ulendo wachiwiri tichite chimodzimodzi koma osapitirira 90 ndiponso kuchotsa phazi pamoto patali tikaona hampu. Mnzathu wina anafunsa kuti nanga ife othira mafuta a 10 sauzande tiyeza bwanji. Aphunzitsi anati tisonkherane, tiyezere galimoto imodzi.