Linga si nsanja ayi

Masabata atatu ndakhala ndikuloweza mayina a nsanja za malinga a ku Japan, koma m'mutu simunkakhala kanthu. Zalowa dzulo usiku. Ndinawerenga kuti nsanja yaikulu ya linga la Edo (Tokyo wa lero), kwa shogun mwiniwake, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dziko, inapsa ndi moto wa mu 1657 ndipo sanaimangenso. A Tokugawa, banja la shogun uja, analamulirabe ali momwemo zaka zoposa 200 opanda nsanja. Nanga ine ndimaloweza chiyani?

Nkhani yagona pa nawabari. Mawuwa amanena za kukoka chingwe, monga achitira amisiri poyeza maziko. Ndiko kuyala malo: ngalande ikumbidwe pati, khoma la miyala likhotere kuti, chipata chiyang'ane kuti. Tenshu, nsanja timaisirira pa zithunzi ija, kawirikawiri mwini linga sankagonamo n'komwe, ankakhala m'nyumba zapansi.

Ndinatenga mapu a Himeji, linga limene Ikeda Terumasa, wolamulira chigawocho, analimanga mwatsopano kuyambira 1601 mpaka 1609, n'kuyendamo ndi pensulo ngati ndine mdani. Ukangolowa pa chipata cha Hishi nsanja imaoneka ili pomwepa, koma njira imapanikiza, imakhota, pena imachita ngati ikukubweza kumene wachokera. Apo ndi pamene ndinamvetsanso masugata, monga ya pa chipata cha Sakuradamon ku Edo: kabwalo ka makona anayi, zipata ziwiri zosayang'anizana. Walowa, uyenera kukhota, ndipo pokhotapo ndi pamene mivi ndi zipolopolo zikukudikira. Munthu wakodwa ngati mbewa pa diwa.

Kunena zoona, pensulo yandiphunzitsa zoposa teremu yonse. Amene sanayende pa mapu asanene kuti akudziwa malinga, ine ndatero. Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera maola pa madenga okongola, mapu osatulutsa ngakhale amodzi. Chonsecho nsanja zakale zenizeni zatsala 12 zokha, ya ku Osaka imene tinajambula m'makope ndi ya konkire, ya mu 1931. Nthawi yonseyo bwenzi titayenda m'zipata.

Pomwe ndikukayika ndi pa yamajiro, malinga a m'mapiri a nthawi ya nkhondo za Sengoku, omangidwa kwambiri ndi dothi ndi mitengo. Kumeneko chotchinga mdani ndi chitunda, ndipo pensulo yanga simva kutsetsereka kwa phiri. Mwina ndaikweza msanga. Mayeso ndi Lachisanu, kaya.