Ulendo wathu wa ku Elandslaagte ndi Ladysmith

Tinanyamuka ku Johannesburg Loweruka mbandakucha, anthu 14 m'minibasi imodzi, tonse a m'gulu lathu la Amalawi lothandizana pa maliro ndi matenda. Chaka chilichonse timasonkha kangachepe koti tikaoneko dziko lomwe tikukhalamoli, poti ambirife timangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. Ulendo uno anaukonza ndi alembi athu, bambo amene ankaphunzitsa mbiri yakale kumudzi asanabwere kuno ku Joni. Iwo anati tikaponde pomwe anamenyera nkhondo asilikali apakavalo a Imperial Light Horse, gulu la anthu odzipereka okha lomwe linabadwa ndi anthu a mumzinda wathu womwe uno.

Tinatsata msewu wa N3, kudutsa Harrismith, n'kutsetsereka pa Van Reenen. Tili pamtsetse pomwepo alembi anatiuza chinthu chimene chinakhalitsa basi yonse chete. Mu Okutobala 1899, nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itayandikira, sitima zinadzaza ndi azungu othawa. Anthu akuda pafupifupi 7,000 ogwira ntchito m'migodi ya golide anayenda wapansi kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Natal, motsogozedwa ndi mkulu wina wa boma dzina lake Marwick. Ife tinkadandaula msana pa mipando yofewa.

Chiyambi cha gululi n'chotere. Ku Johannesburg kunali azungu obwera, otchedwa Uitlanders, omwe ankakangana ndi boma la Mabunu la Paul Kruger pa nkhani ya ufulu wovota. Awiri mwa iwo, Aubrey Woolls-Sampson ndi Walter Karri Davies wa ku Australia, anamangidwa ku Pretoria chitachitika chiwembu cha Jameson chofuna kugwetsa boma la Kruger. Anzawo analipira chindapusa n'kutuluka, koma awiriwa anakana kupepesa, nakhalabe m'ndende mpaka 1897. Nkhondo itanunkha, iwowa pamodzi ndi Percy FitzPatrick ndi Charles Mullins anasonkhanitsa anzawo ku Pietermaritzburg, ndipo gululo linakhazikitsidwa pa 21 Seputembala 1899. Anthu pafupifupi 5,000 anadzipereka, koma anatengapo 444 okha.

Apa ndiye pamene panandigwira mtima ine. Woolls-Sampson ndi Karri Davies ndi amene anavutikira gululi, anthu onse ankawadziwa ndi kuwalemekeza chifukwa cha ndende ija. Mpando unali wawo, palibe akanawatsutsa. Koma utsogoleri unaperekedwa kwa msilikali wophunzira ntchito, Colonel John James Scott-Chisholme wa 5th Royal Irish Lancers, ndipo eni gulu anakhala pansi pake. Ife a m'magulu timadziwa kuvuta kwake. Ndaona mabungwe angati a Amalawi kuno akusweka chifukwa woyambitsa wakakamira mpando ngati wamasiye? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, timatero, n'kuugwira mpandowo ndi manja awiri.

Tinafika ku Elandslaagte dzuwa lili paliwombo. Ndi kamalo kakang'ono, kumpoto chakum'mawa kwa Ladysmith, pamsewu wopita ku Newcastle: njanji, udzu wofiirira, ndi kaphiri kotalika ngati msana wa ng'ombe. Tinasiya basi m'munsi n'kukwera wapansi. Miyala yake ndi yakuda, yobulungira, yobisala mu udzu, moti mayi wina anaphunthwa chala kawiri tisanafike pakati. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti asilikali apakavalowa sankamenya nkhondo ali pamsana pa kavalo. Kavalo ankangowafikitsa msanga. Akafika ankatsika, wina n'kugwira akavalo kumbuyo, enawo n'kumakwawa m'miyala ndi mfuti.

Pa 21 Okutobala 1899, Mabunu otsogozedwa ndi General Johannes Kock anali pamwamba pa kaphiri kameneka. Angerezi, pansi pa John French ndi Ian Hamilton, anakwera chakumadzulo mvula yamabingu ikukhuthuka. A Imperial Light Horse anali mbali ya kumanja pamodzi ndi magulu a asilikali a Gordon Highlanders ndi a Manchester. Scott-Chisholme anali patsogolo penipeni, akukupiza kansalu kofiira kuti anyamata ake amuone. Adani nawonso anamuona. Anafera pomwepo, patangotha mwezi umodzi ndendende gulu lake likhazikitsidwe. Woolls-Sampson anavulala kwambiri mwendo. Nzeru zinatha anthu pamene Mabunu ena anabwerera mwadzidzidzi n'kuyamba kuwakankhira kumbuyo, koma makaputeni awiri, Charles Mullins ndi Robert Johnston, anawasonkhanitsanso n'kukwera nawo. Onse awiri analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Angerezi. Kock naye anavulala ndipo anamwalira patapita masiku ochepa.

Tinaima nthawi yaitali pa chipilala cha gululi pamwamba paja, mphepo ikuwomba zipewa. Amayi amene amasunga chuma chathu anafunsa alembi kuti, “Nanga aphunzitsi, mtsogoleri wofa tsiku loyamba, ameneyo timutame kapena timudzudzule?” Panabuka mtsutso wokoma. Ena anati kansalu kofiira kaja kanali kudzionetsera. Ine ndinaima ndi alembi. Anthu akewo anali a m'migodi, a m'masitolo ndi a m'maofesi, ambiri mwa iwo asanamvepo chipolopolo chikulira pafupi ndi khutu. Munthu wotere sumuuza kuti pita, umamuuza kuti tiye.

Usiku tinagona ku Ladysmith, ndipo Lamulungu titatha mapemphero am'mawa tinazungulira tauni. Kutsogolo kwa Town Hall kuli mizinga iwiri yakale yotchedwa Castor ndi Pollux, imene inateteza tauniyi pamene Mabunu anaizinga masiku 118, kuyambira pa 2 Novembala 1899 mpaka pa 28 Febuluwale 1900. Ambiri a Imperial Light Horse anatsekeredwa momwemo, tsopano motsogozedwa ndi Edwards wa 5th Dragoon Guards. Usiku wa pa 7 Disembala, ena mwa iwo anatuluka mwakachetechete ndi General Archibald Hunter, nakwera Gun Hill mumdima, n'kuphulitsa kukamwa kwa mzinga waukulu wa Mabunu wotchedwa Long Tom. Mabunu anakaukonza ku Pretoria, anaudula kukamwako, n'kuutumiza ku Kimberley.

Pa Wagon Hill tinafika masana. Pa 6 Januwale 1900 Mabunu anakwera phirili kusanache, ndipo nkhondo inakhala ya maso ndi maso tsiku lonse, anthu akuwomberana motalikirana ngati khomo ndi nkhokwe. Herman Albrecht, msilikali wamba wa gululi, anafera pomwepo ndipo anapatsidwa Victoria Cross atamwalira kale. Edwards naye anavulala. Koma chimene chinapha anthu ambiri m'tauni muja si zipolopolo ayi, ndi matenda a typhoid ndi kamwazi. Njala itafika posauzana, akavalo anayamba kuphedwa, nyama yake n'kumaphikira msuzi wotchedwa chevril. Mnyamata wamng'ono pa tonsefe, amene amakonza magalimoto ku Germiston, anapukusa mutu n'kunena kuti, “Ndiye kuti anadya miyendo yawo yomwe.”

Sindingalembe lipotili osanena chimene chinatiwawa. Pa zipilala zonse tinawerenga maina a azungu, mbali zonse ziwiri. Koma panali anthu akuda oyendetsa ngolo, osamalira akavalo, okumba maenje, ndi ena amene ankadutsa pakati pa Mabunu usiku atanyamula makalata, podziwa kuti akagwidwa ndi imfa. Amenewo tinawafunafuna pamiyala osawapeza. Ufulu wovota umene a Imperial Light Horse ankamenyera unali wa azungu okhaokha, ndipo pangano la mtendere la Vereeniging la pa 31 Meyi 1902 linaika nkhani ya voti ya anthu akuda pambali. Migodi itatsegulidwanso inafuna manja ambiri, ndipo mu 1903 Wenela inayamba kutenga anthu kwathu ku Nyasaland. Atatu mwa ife m'basimo agogo awo anayendapo ulendo wa ku Joni pa Wenela. Kulimba mtima kwa Scott-Chisholme ndikukuvomereza ndi mtima wonse. Chimene ankafera sichinali chathu.

Gululi silinathere pa Ladysmith. Karri Davies ndi anzake ochepa ndiwo anayamba kulowa mu Mafeking mu Meyi 1900 pokamasula tauniyo, yomwe nayonso inazingidwa ndi Mabunu, ndipo dokotala wawo Thomas Crean anapata Victoria Cross yachinayi mu Disembala 1901. Lilipobe mpaka lero m'gulu lankhondo la South Africa, ndi dzina loti Johannesburg Light Horse Regiment.

Pobwerera, tili pafupi ndi Harrismith, tinagwirizana zoti chaka chamawa tipite ku Mahikeng, Mafeking yomwe ija, kumene a Barolong, anthu akuda a kumeneko, anagwira mfuti poteteza mudzi wawo, ndiponso kumene Sol Plaatje ankatanthauzira m'khoti tauniyo itazingidwa. Msungichuma wapempha kuti zopereka za ulendowo ziyambe pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo amene akupita adzavale nsapato zotseka.