Shopu yathu ya sola ku Highfield ndi ana amene akuti dziko latha

Shopu yathu ili ku Highfield mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kufupi ndi Machipisa. Timagulitsa mapanelo a sola, mabatire, mainveta (makina osintha magetsi a m'batire kuti agwire ntchito m'nyumba) ndi nyali, ndipo timapita m'makomo kukalumikiza. Tilimo anayi: ine, akazi anga amene amasunga mabuku ndi ndalama, mphwanga amene ndi mwana wa mlongo wanga, ndi mtsikana wina wa ku mpingo kwathu amene anabwera kudzaphunzira ndipo pano amakwera padenga yekha. Ine ndinabadwira konkuno. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu wapansi nthawi ya atsamunda, anagwira ntchito pa famu ya fodya, kenako anadzakhazikika mumzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Kunyumba timalankhula Chichewa, kumsika Chishona, ndipo makasitomala athu oyamba anali anzathu a ku CCAP ndi a m'bungwe la maliro.

Ntchito ya magetsi ndinaiphunzira kwa bambo anga. Iwo anagwira zaka zambiri pa fakitale ina ku Southerton, akudulidwa ya penshoni mwezi ndi mwezi. Pofika 2008 ndalama yonseyo inasungunuka. Amene munali kuno mukukumbukira, buledi m'mawa mtengo wina, madzulo mtengo wina, mpaka mu Januwale 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni. Nyengo yomweyo kolera inapha anthu oposa 4,000, ndipo Budiriro ndi Glen View, apa pomwepa, kunali maliro okhaokha. Bambo sanalire kwambiri za ndalama zawozo. Chimene chinandiwawa ine n'chakuti anasiya kukonzekera chilichonse. Njerwa zimene anaunjika kuseri kwa nyumba kuti adzawonjezere chipinda zinamera udzu, ndipo sanazikhudzenso mpaka tinawaika m'manda. Manja anali nawo, nzeru anali nazo, koma mtima wokhulupirira kuti chaka chamawa chili ndi phindu unali utawachokera.

Bizinesiyi tinaiyamba mu 2019. Chaka chimenecho madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba anatsika chifukwa cha chilala, ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Ankabwera pakati pa usiku, anthu n'kudzuka kukasita ndi kuphika nthawi ya tulo. Mpamba unachokera ku chipereganyu cha akazi anga, ndi pang'ono pamene mlongo wanga anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Tinayamba ndi timapanelo tating'ono totchajira foni ndi kuyatsa mababu awiri. Pa 30 Malichi 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, shopu inatsekedwanso, ndipo tinadyera kukonza nyali ndi mawailesi a anthu oyandikana nawo. Kumapeto kwa 2022 Kariba inaphweranso, kupanga magetsi mbali ya Zimbabwe kunachepetsedwa kwambiri, ndipo ndi pamene ntchito inatichulukira mpaka tinatenga wophunzira.

Pa zaka zimenezi ndaona chinthu chimodzi chimene chandichititsa kulemba. Panelo ya sola imatha zaka 20 kapena kuposa. Kuigula ndiye kuti munthu akudziona ali m'nyumba yomweyo, ana ake akuwerenga pansi pa babu lomwelo, zaka zambiri zikubwerazo. Alipo ambiri amene sangakwanitse, ndipo amenewo sindiwanena, umphawi ndi weniweni. Koma alipo ena ndalama ali nazo, mwana amatumiza mwezi uliwonse, ndipo pa chaka amawononga zambiri pa makandulo, pa mafuta a jenereta ndi pa ndiwo zimene zimaola m'firiji. Ukawawerengera papepala amavomera kuti masamuwo ndi oona. Kenako amati, "Achimwene, papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Ndikonzerenji nyumba pamene tonse tikuthawa?" Munthu wotero sumugonjetsa ndi kutsitsa mtengo. Vuto lake silili m'thumba.

Achinyamata ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Tsiku lonse foni ili m'manja, ndipo zimene zikutulukamo ndi nkhondo, kusefukira kwa madzi, moto wolusa m'nkhalango, makompyuta olanda anthu ntchito. Mphwanga, mnyamata wa manja abwino amene amalumikiza inveta mwaudongo kuposa ine, anandiuza tsiku lina tikutsitsa makwerero kuti, "Amalume, inu mukuvutikiranji? Dzikoli latha. Pofika ine msinkhu wanu kudzakhala kulibe madzi, kulibe chimanga. Ine sindidzabereka mwana woti adzazunzike." Ali ndi zaka za m'ma 20 zokha. Ndinamva ngati ndikumva bambo anga, koma bambo anatopa atakalamba, pamene uyu watopa asanayambe n'komwe.

Sindinamutsutse kuti zinthu zili bwino, chifukwa sizili bwino. Namondwe Idai anakokolola anthu ku Chimanimani mu Malichi 2019. Freddy mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe ku Blantyre, ndipo ife kuno tinagona maso akuyang'ana foni kudikira uthenga wa abale. Mu 2024 chilala cha El Niño chinapsereza chimanga, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe onse analengeza kuti kwagwa tsoka. Nkhondo ya ku Ukraine, kutali konseko, inakweza feteleza ndi mafuta ophikira mpaka pa Mbare Musika. Nyengo yasinthadi, ndipo amene anaiwononga kwambiri si ife. Mwana akanena zimenezi akunena zoona, ndipo kumuseka ndi kumulakwira.

Koma pali zoona zina zimene foni simuuza, ndipo ife akuluakulu takhala chete osamuuza. Ine ndinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatha anthu. Kumapeto kwa zaka zimenezo, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'dziko muno anali ndi kachilombo. Bungwe lathu la maliro linatsala pang'ono kugwa chifukwa Loweruka lililonse tinkakhala kumanda. Aliyense ankati mtundu watha. Lero anzanga amene tinkawalira ali moyo akumwa ma ARV, ali ndi zidzukulu, ndipo mayi wa kachilombo amabereka mwana wopanda kachilombo. Sizinangochitika zokha. Panali anthu, ena kuno ena kutali, amene anakana kuvomereza, anaona m'maganizo mwawo tsiku limene mankhwalawo adzafike ngakhale pa kiliniki ya ku Highfield, n'kuligwirira ntchito. Nthomba, imene agogo athu ankaiopa, inalengezedwa kuti yatheratu padziko lonse mu 1980. Mu 1990 ana oposa 12 miliyoni ankamwalira pa chaka asanakwanitse zaka 5, ndipo pofika 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 5 miliyoni, anthu padziko atachuluka. Katemera woyamba wa malungo anayambira ku Malawi kwathu mu Epulo 2019. Ngakhale panelo imene mphwanga amanyamula paphewa ndi umboni: pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wake unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Bambo anga sakanalota kuti nyumba ya zipinda ziwiri ku Epworth ingadzipangire yokha magetsi.

Komabe ndaona kuti kuwerenga zabwino zakale sikokwanira. Mwana amafuna kuona kumene akupita. Zithunzi za tsogolo zimene amaona ndi za mizinda yopsa ndi anthu olimbirana madzi, ndipo zimenezo anazijambula mwaluso, amaziona bwinobwino. Tsogolo labwino ife timangolitchula ndi mawu amodzi, "zidzakhala bwino", opanda nkhope, opanda msewu, opanda mtengo wake. Ndiye n'zosadabwitsa kuti loipalo ndi limene amalikhulupirira.

Choncho ndinayamba kumufotokozera mphwanga tsogolo langa mwatsatanetsatane, ndipo ndimafotokozera aliyense wokhala pabenchi ya pashopu. Ndimaona Highfield ya 2045 denga lililonse lili ndi mapanelo, nyumba za mumsewu umodzi zikugawana magetsi, masana zikugulitsa otsala. Ndimaona mjigo uliwonse uli ndi pampu ya sola ndi thanki, atsikana osadzukanso 3 koloko m'bandakucha kukaima pamzere wa madzi kumene amakumana ndi zoopsa. Ndimaona kiliniki imene mzamba sabereketsa ndi tochi ya foni. Ndimaona makombi oyendera batire akukwera msewu wa Simon Mazorodze opanda utsi. Ndipo mabatirewo ndimawaona akupangidwa konkuno. Mwala wa lithium, wopangira mabatire, uli pansi pathu, ku Bikita ndi ku Goromonzi, ndipo mu Disembala 2022 boma linaletsa kuutumiza kunja wosakonza. Pakati pa kuletsa ndi fakitale ya mabatire pali mtunda wautali, ndipo mtundawo adzauyenda ndi ana amene akuphunzira magetsi lero, ngati sathawa onse. Ena akamva amapukusa mutu. Koma palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chikufuna chozizwitsa, zipangizo zake zilipo kale, zina zili pashelefu yathu.

Ku mpingo nkhaniyi imavuta pang'ono, chifukwa ena amati zonsezi ndi zizindikiro za masiku otsiriza, ndiye tingodikira. Ine ndine Mkhristu ndipo tsiku ndi ola sindilidziwa. Ndimangokumbukira kuti Yeremiya anagula munda ku Anatoti adani atazinga kale Yerusalemu, anasainitsa mboni, n'kusunga makalata mumtsuko kuti akhalitse.

Maganizo amenewa anasintha mmene timagulitsira. Akazi anga ndi amene anaganiza zoti anthu azilipira pang'onopang'ono, kaya ndi madola, kaya pafoni kudzera pa EcoCash, ndipo tiziyamba ndi panelo imodzi koma mawaya ndi inveta zikhale zoti zidzalandire ina. Timajambula pakope nyumba ya kasitomala, chaka chino mababu ndi foni, chaka chamawa firiji, kenako pampu. Pepalalo timamupatsa. Mayi wina wamasiye wa ku Mufakose analimata kuseri kwa chitseko. Anayamba ndi mababu atatu, pano ali ndi firiji yoziziritsira maheu ogulitsa pageti, ndipo tsiku lina anabwera kudzafunsa za makina osokera a mdzukulu wake. Ngongole zina zimativuta kutolera, makamaka ndalama ikasintha monga pamene ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, koma ambiri amalipira, ndipo amene wamaliza gawo loyamba kawirikawiri amabwera kudzafunsa lachiwiri. Mabatire akale timawalandira kuti asatayidwe m'ngalande, chifukwa mtovu wake ndi poizoni kwa ana.

Mphwanga sanasinthe maganizo onse, ndipo pasipoti anatenga. Ndilibe naye mlandu, mlongo wanga yemwe ali kunja ndi amene anatipatsa mpamba. Koma ndi iyeyo amene anakonza mapulani a pampu ya dimba la amayi a mvano ku Epworth, ndipo ndi iyeyo amene amaphunzitsa Loweruka. Tili ndi kalasi yaulere kuseri kwa shopu, kuyambira 9 koloko mpaka 12, ya anyamata ndi atsikana amene amaliza Fomu 4 ndipo akungokhala. Amaphunzira kuyeza mphamvu ya batire, kuwerengera kuti nyumba ikufuna mapanelo angati, ndi kugwira waya osadzivulaza. Atsikana timawafuna kwambiri, pakali pano ndi ochepa. Mwezi wamawa tikuyamba phunziro la mapampu a pamjigo. Ngati muli ndi mwana wotero, mutumizeni kapena mubwere naye, atenge kope, pensulo ndi nsapato zotseka kumapazi.